Mkamwini wa ku Bua ndi Kagemu Kake

Mukafika kumidzi ya kumunsi kwa mtsinje wa Bua, kufupi ndi kumene madzi amathera m'nyanja, n'kufunsa za Feston, anthu ayamba aseka kaye asanakuyankheni. Wina angoti, "Ooo, uja wa gemu?" Komatu musamupeputse munthuyu. Ndi dalaivala wa thirakitala wodziwa ntchito yake, anakulira ku Nkhunga pakati pa minda ya nzimbe, mwana wa bambo wodula nzimbe amene anachokera kumwera kalekale. Chinamubweretsa ku Bua ndi Thokozire, mtsikana amene ankapita ndi mpunga kukagulitsa kumsika wa ku Dwangwa. Anaonana, anakondana. Ntchito ya Feston inali ya sizoni, nzimbe zikatha nayonso yatha, ndipo poti kwawo kwa Thokozire mwamuna ndiye amatsata mkazi, mnyamatayo anangopinda malaya ake m'chikwama n'kukalowa chikamwini.

Chikamwini si masewera, inu. Feston anazolowera phokoso la mathirakitala, mpira wa pakanema, anzake ochezera nawo pagolosale. Kuno anapeza madzi, achule ndi abale a mkazi. Akakhala pampando mwendo unkangonjenjemera wokha. Akadzuka, alibe kopita. Azungulire kuseri kwa nyumba, abwerere, akhalenso, adzukenso. Akafuna kuyankhulapo pa nkhani za pamudzi, alamu ake ankamukumbutsa mwanthabwala kuti mkamwini asamakule mwendo. Nthabwala zake zinali zoluma.

Ndiye panali apongozi ake aakazi, aNamwale, mayi wamasiye wogwira mwambo ngati anabadwa nawo m'manja. Lamulo lake linali lodziwika: osawayang'ana kumaso, osakhala nawo pamphasa imodzi, osawakhudza ngakhale nsonga ya chitenje. Mukakumana panjira, wina apatukire kutchire mpaka mnzake adutse. Akafuna kumuuza kanthu ankauza khoma, kapena kamdzukulu kawo Keti, mwana wa Feston, amene ngakhale kuyankhula anali asanayambe. "Keti, uwauze abambo ako kuti mbuzi zamasuka." Feston ali pomwepo, akumva zonse, naye n'kuyankha kudzera mwa khandalo.

Chimene mtima wake unkafuna chinali chimodzi: chitengwa. Ankafuna amulole atenge mkazi wake ndi mwana akakhale nawo ku Nkhunga. Foromani wake wakale anali atamutumizira mawu kuti sizoni ikubwerayi thirakitala ikumudikira, ndi kanyumba komwe. Feston anatuma ankhoswe kwa a Chande, malume ake a Thokozire. A Chande anakafunsa mlongo wawo, n'kubwera ndi yankho lalifupi. "Mpunga ukalowa m'nyumba tidzakambirana. Tione kaye ngati munthuyu angasamale munda, tisanamupatse mwana wathu akasamale kutali."

Tsopano za kagemu. Kanachokera ku Joni, mchimwene wake wa Feston ndiye anakatumiza pamodzi ndi nsapato ndi bulangete, kogwiritsidwa kale ntchito, kokalikakalika m'mbali. Kanali kakuda, kokwana m'manja awiri, galasi pakati, mabatani uku ndi uku. Munali masewera angapo, koma Feston ankakonda amodzi okha, a kamunthu konyamula nyali kosochera m'mapanga. Kadumphe maenje, kazembe mileme, kapeze khomo lotulukira, n'kupezeka kalowa phanga lina lovuta kuposa loyamba. Akangokayatsa, mwendo uja unkaleka kunjenjemera. Achule, alamu, khoma loyankhula, zonse zinkazimiririka. Kunena zoona, popanda kanthu kameneka Feston akanathawa chikamwini mwezi woyamba womwe, ndipo iye ankadziwa zimenezo.

Koma ankakakonda akukatukwana. Batire lake linali laulesi, limafa pamene kamunthu kali m'malere pakati pa dzenje. Batani lakumanzere linkamatirira, ukalidina kamodzi kamunthu n'kumangothamanga mpaka kukagwera m'moto iwe ukuonerera. "Chitsiru cha makina!" ankatero Feston, n'kukaponya pamphasa, kenako n'kukatola msangamsanga, kukapukuta ndi malaya ngati mwana wagwa. Choipitsitsa chinali galasi. Dzuwa likawala sunkaona kanthu, umayenera kuwerama mpaka chibwano kugunda pachifuwa kuti mutu wako upange mthunzi.

Ankapita nako ku Boma kwa Sadick, mnzake wokonza mafoni pafupi ndi msika. Sadick anakonza batani lija ndi kachidutswa ka labala wa silipasi, n'kumuuza kuti, "Aise, kameneka n'kankhalamba. Kasiye kapume." Tsiku lina Feston anatopa nako zenizeni. Anaona zala zake zazikulu zikudinadina m'mwamba ali kutchalitchi, pakati pa pemphero, ndipo anachita mantha. Anakasiya kwa Sadick kuti akagulitse kwa aliyense. Anayenda mpaka pa depoti, anakwera minibasi, anakhala pansi. Minibasi isanadzaze anali atatsika kale, akuthamangira kumsika thukuta lili kamukamu. Sadick sanafunse n'komwe, anangokatulutsa pansi pa tebulo akuseka.

Chodabwitsa n'chakuti kuwerama kuja kunamupatsa mbiri yabwino. ANamwale ankamuona ali patali, atakhala kuseri kwa nkhokwe, mutu uli pansi, manja ali pamodzi pamiyendo. Akadutsa pabwalo, mkamwini sadzutsa maso. Ndiye ankanyadira kwa amayi anzawo pachitsime. "Akamwini a masiku ano amakuyang'ana ngati ndiwe mnzawo. Koma wanga uja, eee! Ulemu wake ngati wakale. Sindinaonepo diso lake." Amayi ena ankadziwa zoona zake koma ankangoluma milomo. Ndani angauze aNamwale kuti ulemu wonsewo uli ndi batire?

Thokozire yekha ndiye sankaseka. Iye kagemuko ankakatchula kuti mkazi mnzake.

"Bambo a Keti, mwana waimirira yekha lero, wagwira mpando."

"Eee."

"Ndati waimirira."

"Eee, zabwino. Dikira pang'ono, ndatsala ndi moyo umodzi."

"Mkazi mnzangayo mwamudyetsa kale? Poti ine ndaphika chakudya cha anthu okhaokha."

Feston ankamva kuwawa kwa mawuwo, osati sankamva. Ankalumbira mumtima kuti akangotuluka m'phanga ili basi, akasiya. Koma mapangawo, abale, ankangoberekana.

Mpunga unatulutsa ngala, unayamba kuchita mkaka, fungo lake lili guu dambo lonse. Nyengo imeneyi ku Bua munthu sakhala pansi, chifukwa mpheta zimabwera ngati utsi. Zikatera pamunda wopanda mlonda, pofika madzulo mwatsala mankhusu. Ntchito yopirikitsa mbalame m'munda wa aNamwale inagwera mkamwini, ndipo aliyense ankadziwa kuti mayeso aja ndi amenewa. Anamumangira nsanja pakati pa munda. Kuchokera pansanjapo zingwe zinkapita mbali zonse, zomangiriridwa zitini zamiyala ndi mapepala apulasitiki. Ntchito yake inali kuyang'ana kumwamba, kukoka chingwe, kukuwa, kuponya mibulu ya dothi ndi legeni.

Tsiku loyamba anasiya kagemu kunyumba, atakasomeka kudenga. Anakuwa mpaka mawu kusasa. Koma pakati pa gulu lina la mbalame ndi linzake pamakhala kanthawi kachete, ndipo kanthawi kameneko ndiko kankamupha. Akhale, aimirire, atsike pansanja, akwerenso. Zala zikuyabwa. Mmawa wotsatira anatuluka m'nyumba bwinobwino, anafika mpaka pa mtengo wa mango, n'kubwerera ngati wayiwala chipewa. Chipewacho chinali kumutu.

Nzeru zoipa sizisowa. Anamanga zingwe zonse pamodzi n'kuzikoleka ku chala chachikulu cha kuphazi. Manja onse awiri ali pa gemu, malaya atafunda kumutu kuti atchinge dzuwa, phazi likugwedeza zitini, pakamwa pakutuluka "Haaa! Haaa!" wopanda mwini. Kwa masiku angapo zinayenda, mwakuti anayamba kudzitama mumtima kuti akulu akale analibe nzeru. Koma mpheta si zitsiru. Zinazindikira kuti phokosolo silitsatana ndi kubwera kwawo, ndipo zinayamba kudya kungodya yakutali, kumene chingwe chinali chitaduka iye osadziwa.

Tsiku la tsokalo dzuwa linali pamutu. Feston anali atafika phanga limene anali asanafikepo chiyambire. Mayi wina wa munda woyandikana anakuwa, "A Feston! Mbalame kumunsiko zatha mpunga!" Anadzidzimuka, anamasula chala, anatsika. Munthu wanzeru akanaika kagemu m'thumba. Iye anati ayi, ndiyenda ndikusewera, miyendo ikudziwa njira. Anakwera pa kanjira kapamalire a minda, kopapatiza kokwana phazi limodzi, madzi ndi matope uku ndi uku, malaya ali chifundire kumutu.

Tsiku limenelo Thokozire anali atapita ndi Keti kusikelo, ndiye aNamwale anati mkamwini wanga waulemu asafe ndi njala. Anasenza dengu la chinangwa chophika ndi chigubu cha thobwa, kuti akatule patali n'kubwerera mwamwambo. Ali pakati pa kanjira kaja anaona munthu wopanda mutu akubwera. Anazindikira buluku. Kupatuka kunalibe poti mbali zonse ndi madzi, kutembenuka ndi dengu kumutu kunali kovuta. Anatsokomola, monga amachitira apongozi pochenjeza. Munthu akubwerabe. Anatsokomolanso mwamphamvu. Akubwerabe. "Odi! Odi kumeneko!" Kenako mwambo anautaya, anakuwa dzina limene anali asanalitchulepo chikwatire mwana wawo. "Feston!"

Mochedwa. Mutu wa mkamwini unakagunda pachifuwa pa apongozi, phuu! Dengu uko, thobwa uko, onse awiri khuvuu m'madzi.

Feston anavuuka msanga n'kukwera pakanjira. Thupi lonse linali matope, koma dzanja lamanja linali m'mwamba, louma, litagwira kagemu. Zimenezi amayi a m'minda yoyandikana anaziona bwinobwino, ndipo mpaka lero amazisewera pamaukwati. ANamwale anali atatitimira m'thope mpaka m'ntchafu, akuyesa kudzuka n'kumagweranso, duku litapita ndi madzi. Kwa nthawi yoyamba anthu awiriwa anayang'anana m'maso.

Mayo ine! Atani tsopano? Kuwasiya, ndi nkhanza. Kuwagwira dzanja, ndi malaulo. Anayang'ana uku ndi uku kufuna ndodo, koma m'munda wa mpunga ndodo ichokera kuti? Amayi aja anali patali, akubwera pang'onopang'ono chifukwa cha kuseka. Apongozi akumira. Feston anayang'ana chimene chinali m'dzanja lake. Anagwada, anatembenuzira nkhope kumbali mwaulemu, n'kutambasula kagemu.

"Keti," anatero, ngakhale Keti anali kusikelo, "uwauze agogo ako agwire apa."

ANamwale anagwira mbali ina ndi manja onse awiri amatope. Feston anakoka. Kagemu kanalira kanyimbo kake ka imfa, pulasitiki inachita ngati ithetheka, koma mayiyo anazuka m'thope n'kugwira udzu wa pakanjira. Atangotero, kanthu kaja kanaterereka m'manja mwa onse awiri n'kumira, thibu! Feston anakafufuza ndi manja pansi pa madzi. Anakapeza galasi lili bii, madzi akutuluka m'mabatani.

Nkhani inafika kumudzi iye asanafike. Alamu ake ankagubuduka pansi. Thokozire anangomuikira madzi osamba. Feston anaimbira Sadick mobisa, kuseri kwa bafa. "Usakayatse," anatero Sadick. "Kakwirire mumpunga wouma, mpunga umayamwa madzi. Koma usayembekeze zambiri, aise, lira maliro." Munali thumba la mpunga wa chaka chatha pakona ya chipinda. Feston anapisa dzanja mpaka m'chigongono n'kukasiya pansi penipeni.

Masabata otsatirawo anali achilendo. Manyazi anamugwira ngati malungo, ndipo anawathera pa mbalame. Ankafika kumunda kusanache bwino, kuthamanga malire onse, kukuwa, kuponya dothi, mpaka mpheta zinasamukira kwa anansi. Ngodya ija inali itapita, koma mpunga wotsalawo unacha wonse. Anamweta nawo, anapuntha nawo, anasenza matumba mpaka msana kuuma. Kunyumba manja ake osowa chogwira anayamba kunyamula Keti. Anadabwa kupeza kuti mwanayo ali ndi mano, ndiponso kuti amaluma. Thokozire anayamba kumuuza nkhani zazitali, ndipo iye ankayankha zogwirizana ndi nkhaniyo. Nthawi zina ankamva kupepukidwa, ngati munthu amene wachotsedwa dzino lobowoka. Nthawi zina chisoni chinkamugwira akakumbukira phanga lija, n'kumadziseka yekha kuti bambo wamkulu akulira pulasitiki. Thumba la pakona lija sankaliyandikira. Ankaopa kupeza kuti kafa, ndipo ankaopanso kupeza kuti kali moyo.

Mpunga utalowa m'nyumba, a Chande anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, Feston ali chapatali, mutu uli pansi, ulendo uno chifukwa cha mantha enieni. Ankadziwa kuti mkamwini wogwetsa apongozi m'thope sapatsidwa chitengwa, amapatsidwa njira. A Chande anayankhula zambiri zozungulira, kenako anati mawu omaliza ali ndi mwini mwana. ANamwale anali kuseri kwa mpanda, Keti ali pamiyendo.

"Keti," anayamba motero, "uwauze abambo ako kuti ine anandipusitsa. Ndinkayesa ulemu, kani ndi chidole. Koma uwauzenso kuti m'thope muja akanatha kundigwira dzanja, palibe akanawadzudzula. Iwo analolera kutaya chinthu chimene amachikonda kuposa chakudya, kuti mwambo wanga usathyoke. Zimenezo ndaziona. Akutengeni, iwe ndi amako. Ine ndakalamba, sindingamagwe m'madzi chaka ndi chaka."

Anthu anaseka, amayi analuluta. Feston anawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Anayang'ana Thokozire, ndipo Thokozire anamumwetulira, kumwetulira kuja kwa kumsika wa ku Dwangwa.

Tsiku la ulendo linafika, ntchito ikuyamba mawa lake. Mmawa katundu anali atamangidwa pakhonde: mapoto m'chitenje, mphasa yopinda, ndowa yodzaza mbale. Anyamata a kabaza anali atauzidwa kuti abwere adzawafikitse kumsewu. Thokozire analowa m'nyumba kukatapa mpunga wa chaka chatha kuti akayambire moyo watsopano. Anatuluka ali ndi kanthu kakuda m'manja, kotuwa ndi fumbi la mpunga.

"Ndapeza ichi," anatero. Sanaponye, sanabise. Anamupatsa ndi manja awiri, n'kuima pomwepo.

Feston anakalandira. Anakapukuta pa buluku. Mumtima anati ndingodina kamodzi, nditsimikize kuti kanafadi, ndikataye kudzala tizipita. Anadina. Kanthawi kanadutsa kali zii. Kenako galasi linaphethira, kanyimbo kaja kanalira, kosasa pang'ono koma komweko. Kamunthu kanali chiimire pakhomo pa phanga lija, nyali ili m'manja, pamene anakasiya.

"Kali moyo!" anakuwa Feston. "Mayi a Keti, taonani, kali moyo! Sikanaiwale ndi pomwe ndinalekezera!" Nkhope yake inawala yonse, maso ali ndi misozi. Anakhala pa mtolo wa mphasa osadziwa kuti wakhala.

"A kabaza afika," anatero Thokozire.

"Eee. Kamphindi chabe, batire likutha kale ili."

Sanali kunama, batire linali lofooka ndithu, ndipo silinachedwe kuzima. Koma atadzutsa mutu anapeza chitenje cha mapoto chitamasulidwa. Thokozire anali akulowetsa ndowa ya mbale m'nyumba, Keti ali kumsana. A kabaza anali ataima chapatali, akuyang'ana matayala a njinga zawo.

"Mukutani kodi? Tichedwatu."

Thokozire anatula ndowa pakhomo. Sanakweze mawu. "Bambo a Keti, tsiku limene Keti anabadwa munasangalala, sindikukana. Tsiku la chitengwa lija munasangalalanso. Koma nkhope imene mwaonetsa panopa sindinaionepo. Ine ndimadziwa liwombo lanu kuposa maso anu. Kuno mukawerama ndimapita kwa amayi, ndimapita kwa azichemwali anga, ndimapeza woyankhula naye. Nanga ku Nkhunga ndikayankhula ndi ndani? Nzimbe?"

"Ndikataya. Pompano, muone, ndikaponya mu Bua."

"Katayeni."

Feston anayang'ana kanthu kaja. Dzanja linakwera pang'ono, n'kuima. Ankakada ndi mtima wake wonse nthawi imeneyo, koma zala zinakana kutseguka. Thokozire anadikira, anadikirabe, kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva yankho limene ankalidziwa kale.

"Amayi anavomera, malume anavomera. Ine palibe anandifunsa. Pitani mukagwire ntchito, banja silinathe. Mukadzatha kundiyang'ana mpaka nditamaliza kuyankhula, mudzatipeza konkuno."

Analowa m'nyumba. Kuseri kwa mpanda aNamwale anatsokomola kamodzi, koma sanatume Keti mawu aliwonse.

Feston anakwera kabaza mmodzi, winayo anabwerera wopanda munthu. Njira yonse kagemu kankamugunda pantchafu m'thumba la buluku, ndipo mwendo unali utayambiranso kunjenjemera. Atafika pamsewu waukulu, minibasi ya ku Dwangwa inaima, kondakitala n'kudumpha. Anali mnyamata wodziwana naye, amene Feston anamuuza dzulo lake kuti asunge mpando wonse wakumbuyo chifukwa akusamuka ndi banja.

"Akulu, malo ndasunga! Alamu ali kuti? Muli angati?"

Feston anayang'ana kanjira kochokera kumudzi. Kunalibe munthu.

"Ndili ndekha," anatero, n'kukwera.